Kashiamu wounjikana m'phewa: kodi singano imathandiza mpaka pati?

Pali ululu wina wa phewa umene umabwera munthu asanagwe, asanamenyedwe, ndiponso popanda katundu wolemera amene angamuloze chala. Munthu amagona madzulo ali bwinobwino, koma pofika mbandakucha mkono wakana kukwera, moti ngakhale kuvala malaya kapena kumanga duku kumafuna womuthandiza. Kwa ena ululuwo subwera mwaukali chotere, koma umangonyeka pang'onopang'ono kwa miyezi, n'kumadula tulo nthawi iliyonse munthu akagonera mbali yodwalayo. Kuno ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi ambiri amangoti ndi nyamakazi, ena amaloza khasu, ndipo ululu ukabwera usiku umodzi wokha sipalephera wina wonena kuti pali amene waponya chinthu. Chimodzi mwa zoyambitsa zenizeni za ululu wotere ndi kashiamu wounjikana mkati mwa mtsempha wa phewa, matenda amene madokotala amawatcha calcific tendinitis, ndipo pa njira zowachizira, imene imakopa anthu kwambiri akaimva ndi yotsuka kashiamuyo ndi singano.

Phewa ndi mfundo yomasuka kuposa mfundo zonse za m'thupi, chifukwa mutu wa fupa la mkono sukhala m'dzenje lakuya monga zimakhalira m'chiuno, koma umangotsamira pamalo osaya a fupa lophwatalala la kumbuyo kwa phewa. Chimene chimaugwira kuti usaguluke ndi minofu inayi yochokera pa fupa lophwatalalalo, imene mitsempha yake imakuta mutu wa fupa la mkono. Mitsempha imene tikunena pano si ya magazi ayi, koma zingwe zoyera zolimba zija zomangirira mnofu ku fupa, zimene aliyense amene anasendapo mbuzi amazidziwa. Mwa inayiyo, wapamwamba, wotchedwa supraspinatus, ndi umene kashiamu amaukonda, ndipo nthawi zambiri amakhazikika pafupi ndi pamene mtsemphawo umagwira fupa. Mtsempha umenewu umadutsa m'kampata kothina pansi pa nsonga ya fupa imene mumaimva mukagwira pamwamba pa phewa, ndipo pakati pa ziwirizi pali kathumba kopyapyala ka madzi oterera koletsa kukhulana. Chilichonse chotupa m'kampatamo chimapanikizika mkono ukamakwera, n'chifukwa chake odwala ambiri amati ululu umakula mkono ukafika chapakati, pamlingo wa phewa, osati poyambira kukweza.

Anthu akamva dzina la kashiamu amathamangira kuganiza za chakudya, ena n'kusiya mkaka, kapenta ndi mazira, ena n'kukayikira madzi a pamjigo. Kudzimana kumeneku n'kopanda phindu, popeza odwala ambiri akayezedwa magazi kashiamu wawo amapezeka ali pamlingo wake. Vuto lili mumtsempha momwemo. Malinga ndi kufotokoza kwa Hans Uhthoff, dokotala wa mafupa wa ku Ottawa m'dziko la Canada, kumene akatswiri ambiri amatsatira, kachigawo kena ka mtsempha kamasintha n'kuyamba kufanana ndi chichereŵechereŵe, ndipo maselo a pamenepo ndiwo amayamba kuunjika mchere wa kashiamu wotchedwa hydroxyapatite, womwe ndi mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Matendawa amagwira kwambiri anthu a zaka zapakati pa 30 ndi 60, amayi kuposa abambo, ndipo amapezeka kaŵirikaŵiri mwa odwala shuga ndi a vuto la chithokomiro. Si matenda a olima okha kapena a onyamula matumba pa msika wa Kapata ku Chipata. M'chaka cha 1941 dokotala wina wa ku America, Bosworth, anaunika mapewa a ogwira ntchito za mu ofesi 6,061, napeza kashiamu mwa anthu pafupifupi atatu pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo sankamva kupweteka kulikonse. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ikutanthauza kuti kashiamu akhoza kukhala m'phewa osalakwa kanthu.

Kuti munthu amvetse pamene singano ingagwire ntchito, ayenera kudziwa kuti kashiamuyu ali ndi moyo wake, kuyambira pobadwa mpaka potha. Poyamba amaunjikana ali wouma ngati choko chophwanyika, ndipo akhoza kukhala phee kwa miyezi kapena zaka, akupweteka pang'ono kapena osapweteka konse. Kenako imafika nthawi imene thupi limayamba kumuchotsa lokha: timitsempha ta magazi timamera mozungulira, maselo odya zinyalala amasonkhana, ndipo choko chija chimasungunuka n'kukhala chofewa ngati mankhwala otsukira mano. Zosungunukazo zimafufuma mkati mwa mtsempha wosatambasuka, nthawi zina n'kuphulikira m'kathumba kaja, ndipo apa ndi pamene munthu amafika kuchipatala atagwira chigongono ndi dzanja linalo, akukana kuti wina amukhudze. Chodabwitsa n'chakuti ululu woopsa kwambiriwo ndi chizindikiro chakuti matenda ayamba kutha. Ukali wake umatenga masiku angapo kapena masabata oŵerengeka, kenako mtsempha umadzikonza pang'onopang'ono. Amene amavutika nthawi yaitali ndi aja amene kashiamu wawo waima panjira, osasungunuka koma osalekanso kusautsa.

Matendawa saoneka ndi maso ndipo sadziwika ndi kupapasa kokha. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa kachinthu koyera pamwamba pa mutu wa fupa la mkono, ndipo maonekedwe ake amauza dokotala zambiri. Madokotala aŵiri a ku Germany, Gärtner ndi Heyer, anagaŵa maonekedwewa m'magulu atatu m'chaka cha 1995: woyera kwambiri wa m'mphepete mooneka bwino, wapakatikati, ndi wambuu wosaoneka polekezera. Wambuuyo ndiye amene akusungunuka kale ndipo kaŵirikaŵiri amatha yekha. Sikani nayo imathandiza, makina omwe aja ounikira amayi oyembekezera, ngakhale kuti phewa limafuna kamutu kena koonera zinthu zapafupi ndi khungu komanso munthu wozoloŵera kuŵerenga mitsempha.

Kujambula kuli ndi ntchito inanso, yosiyanitsa matendawa ndi anzake ofanana nawo. Phewa louma losatembenuka, limene limakonda odwala shuga, mtsempha wong'ambika, ndi ululu wochokera m'khosi, zonsezi zimatha kunamiza munthu. Phewa lotupa, lotentha, munthu akumva malungo m'thupi, likhoza kukhala ndi mafinya m'mfundo, ndipo limenelo silidikira maŵa. Kuno kwathu dokotala wosamala amakumbukiranso kuti chifuwa chachikulu chimatha kugwira mfundo, ndiponso kuti ululu wa phewa lakumanzere wobwera pamodzi ndi kubanika, thukuta ndi kuthina pachifuwa ukhoza kukhala wa mtima.

Chithandizo choyamba sichikhala singano yotsukira. Amayamba ndi kupumitsa mkono kwa masiku ochepa, mankhwala a ululu ndi kutupa monga ibuprofen kapena diclofenac, ndi mafizo oti phewa lisaume. Zikakanika, amabaya jekeseni wa steroid, mankhwala oziziritsa kutupa, m'kathumba kaja. Odwala ambiri amachira ndi zimenezi pamodzi ndi kupita kwa nthawi. Mapiritsi aja asatengedwe ngati maswiti chifukwa choti amagulika mosavuta m'tauni: amasupula m'mimba ndipo amalemetsa impso, makamaka kwa odwala BP, shuga, ndi amene amamwa ma ARV okhala ndi tenofovir.

Nzeru yolasa kashiamu ndi singano si yatsopano. M'chaka cha 1937 madokotala aŵiri a ku New York, Patterson ndi Darrach, analemba za kutsuka kathumba ka phewa ndi singano, ndipo mu 1978 Comfort ndi Arafiles anafotokoza zochita zimenezi akuyang'ana pa X-ray yoyenda. Chimene chinasintha zinthu ndi sikani. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 Farin ndi anzake ku Finland anaonetsa kuti dokotala akhoza kutsata nsonga ya singano pa sikirini kuyambira pakhungu mpaka kukafika pa kashiamu, popanda kumuwotcha wodwala ndi cheza cha X-ray. Njirayi imadziwika ndi dzina lakuti barbotage.

M'chipinda zimayenda motere. Wodwala amakhala motsamira kapena kugona, mkono ataupinda mwanjira yoti mtsempha utuluke pansi pa fupa laphewa n'kuonekera. Madokotala ambiri amasankha kumugoneka chifukwa ena amachita chizungulire n'kukomoka pang'ono singano ikaloŵa, ngakhale amuna amphamvu. Khungu amalipukuta ndi mankhwala ophera tizilombo, kamutu ka sikani amakaveka chophimba choyera, kenako amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, lidocaine, pakhungu ndi m'kathumba kaja. Dzanja limodzi la dokotala limagwira kamutu ka sikani, linalo limaloŵetsa singano yonenepa pang'ono kuposa ya jekeseni wamba, ndipo maso ake sakhala paphewa koma pa sikirini, pamene singanoyo imaoneka ngati kamzere koŵala kolunjika pakati pa kashiamu. Kumbuyo kwa singano kumakhala sirinji ya madzi a mchere, omwe aja a diripu. Dokotala amakankha pang'ono n'kuleka, kukankha n'kuleka, ndipo nthawi iliyonse akaleka madziwo amabwerera m'sirinji atatenga fumbi loyera. Madzi amene anali ambee amachita mtambo, zoyera n'kumadikha pansi pa sirinji, ndiye chifukwa chake amaigwira moŵeramira pansi kuti zimene zatuluka zisabwererenso. Sirinji ikada amaika ina, mpaka madzi atayamba kubwerako oyera. Pomaliza amabweza singano pang'ono n'kuthira steroid m'kathumba, osati mumtsempha, pofuna kuletsa kutupa kumene fumbi lotayikira lingadzutse. Zonsezi zimatenga mphindi zapakati pa 15 ndi 30, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo ndi kapulasitala kakang'ono.

Madokotala ena amagwiritsa ntchito singano ziŵiri, ina yoloŵetsa madzi ina yotulutsa, ndipo a ku Italy anaonetsa kuti madzi ofunditsidwa kufika pa madigiri 42 amafulumizitsa ntchitoyo. Kashiamu akakhala wouma kwambiri, madzi saloŵa ndipo singano imatsekeka. Pamenepo ena amangomuboola kangapo kuti aphwanyike ndi kuti magazi afikepo, n'chiyembekezo chakuti thupi lidzamaliza lokha. Apa pali chinthu chovuta kuchizemba: kashiamu wofeŵa, amene amatuluka mosavuta n'kudzaza sirinji, ndi yemwe uja amene anali kale panjira yotha yekha, pamene wouma, amene wasautsa munthu chaka chonse, ndiye amakanira.

Dzanzi likatha phewa limaŵaŵa kwa tsiku limodzi kapena masiku angapo, ndipo wodwala amalangizidwa kupeŵa zolemera kwa sabata imodzi kapena ziŵiri asanayambe mafizo. Ena amapeza bwino msanga koma ululu n'kubwereranso patapita miyezi iŵiri kapena itatu, mphamvu ya steroid itatha. Kuloŵa kwa tizilombo n'kosoŵa pamene ukhondo wasungidwa, koma kukachitika n'koopsa. Pali zinthu zitatu zimene wodwala ayenera kunena yekha asanagone pabedipo, ngakhale asanafunsidwe. Wa shuga adziŵe kuti steroid amakweza shuga kwa masiku angapo. Womwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin anene. Ndipo amene ali pa ma ARV okhala ndi ritonavir, amene kaŵirikaŵiri amapatsidwa kwa omwe anasinthidwa mankhwala oyamba, asachite manyazi kutchula, chifukwa ritonavir amaletsa chiŵindi kuphwanya steroid wotchedwa triamcinolone, moti jekeseni mmodzi yekha akhoza kutupitsa nkhope, kukweza shuga ndi BP, ndi kufooketsa thupi kwa miyezi.

Tsono funso lalikulu n'lakuti kodi kutsukako kumachiritsa. Kwa zaka zambiri yankho linkaoneka losavuta. Mu 2009 Serafini ndi anzake ku Italy anafalitsa zotsatira za odwala 219 otsukidwa ndi singano ziŵiri, poyerekeza ndi ena amene sanatsukidwe. Otsukidwawo anali bwino kuposa anzawo patatha mwezi, miyezi itatu ndi chaka, koma pofika zaka zisanu ndi zaka khumi magulu aŵiriwo anali chimodzimodzi. Ku Leiden m'dziko la Netherlands, de Witte ndi anzake anagaŵa mwamaere odwala 48, ena kutsukidwa ndi kubayidwa steroid, ena steroid yekha. Zotsatira za mu 2013 zinaonetsa kuti patatha chaka otsukidwa anali patsogolo, pa kagwiridwe ka phewa ndi pa kutha kwa kashiamu. Atawaonanso patatha zaka zisanu, kusiyanako kunali kutazimirira, ngakhale kuti ambiri a gulu la steroid yekha anali atafunikira chithandizo china panjira. Chithunzi chimene chinatuluka pamenepa n'chakuti singano siisintha kumene matenda akukathera, koma mwina imafupikitsa ulendo.

Mu 2023 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku amene anagwedeza ngakhale chiyembekezo chochepacho. Stefan Moosmayer ndi anzake, m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku Norway ndi Sweden, anatenga odwala 220 amene anali atavutika kwa miyezi yosachepera itatu, nawagaŵa patatu. Gulu loyamba linatsukidwa zenizeni n'kubayidwa steroid. Lachiŵiri linachitidwa zongoyerekezera kutsuka, koma steroid linalandira. Lachitatu linachitidwa zongoyerekezera popanda steroid, dzanzi lokha basi. Odwala sankadziŵa gulu lawo, ndipo onse anapatsidwa mafizo ochitira kunyumba. Pa sabata ziŵiri ndi zisanu ndi imodzi, amene analandira steroid anali bwinoko. Patatha miyezi inayi panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa magulu atatuwo, ndipo patatha miyezi 24 zinali chimodzimodzi.

Kafukufukuyu ali ndi malire ake. Ambiri mwa odwalawo analandira chithandizo china miyezi inayi itadutsa, zimene zimasokoneza kuŵerenga kwa zaka ziŵiri, ndipo sanena kanthu za munthu amene wafika kuchipatala ndi ululu wa masiku atatu, kashiamu ali wofeŵa ndi wofufuma, pamene kuboola kumachepetsa kupanikizika nthawi yomweyo. Komabe mphamvu yake ili pa gulu loyerekezeralo, limene akafukufuku am'mbuyo analibe. Munthu akaona ndi maso ake zoyera zikutuluka m'thupi mwake n'kudikha m'sirinji, mtima umakhazikika kuti matenda atuluka, ndipo ife a kuno, amene tinakula tikumva za asing'anga olumika nyanga n'kuonetsa wodwala chimene achotsa, tiyenera kumvetsa msanga kukoka kwa chinthu chooneka. Kusiyana kwake n'kwakuti kashiamu wa m'sirinji ndi weniweni. Koma kukhala weniweni sikutsimikiza kuti ndiye yekha anali kupweteketsa, popeza ululu wambiri umachokera m'kathumba kotupa ndi mumtsempha wodwalawo, zimene madzi a mchere sazitsuka.

Kuona kwanga n'kwakuti singano ili ndi malo ake, koma ndi ocheperapo kuposa mmene otsatsa amanenera. Ndi yoyenera kuiganizira kwa munthu amene X-ray ndi sikani zatsimikiza kashiamu wamkulu ndithu, amene ululu wake ukugwirizana ndi pamene kashiamuyo ali, ndiponso amene wayesa mankhwala, mafizo ndi jekeseni kwa miyezi ingapo popanda kusintha. Kwa wotereyo n'kwanzeru kuyesa singano asanafike ku mpeni, chifukwa siidula mnofu, siifuna kugonetsedwa tulo, ndipo ikakanika siitseka khomo la njira zina. Njira zinazo ndi makina ogunda phewa ndi mafunde amphamvu, amene kafukufuku wa ku Germany ndi Austria wa odwala 144 anaonetsa mu 2003 kuti amathandiza akakhala amphamvu zokwanira, ndi opaleshoni yoloŵetsa kakamera pa timabowo, imene imasungidwira ochepa amene avutika miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo zina zonse zitalephera. Opaleshoni imachotsa kashiamu bwino, koma kuchira kwake kumatenga miyezi, ndipo nthawi zina mtsempha umafuna kusokedwa pamalo pamene pachotsedwapo.

Kwa ife a kuchigawo cha Kum'mawa nkhaniyi ili ndi mbali ya thumba. Kwa wopita kukatsukidwa ku Lusaka, kuchokera ku Chipata ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndipo amene akuchokera ku Chama kapena ku Vubwi amayamba ndi ulendo wina asanakwere basi yaikulu. Kuwonjezera pa thiransipoti pali malo ogona, chakudya, woperekeza, ndi malipiro a chipatala ngati NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo, siikulipira. Banja likhoza kugulitsa matumba a nshawa kapena soya a chaka chonse pofuna chithandizo chimene, malinga ndi kafukufuku wabwino koposa amene alipo, sichiposa jekeseni ndi mafizo pakatha miyezi inayi. Njira yanzeru ndi kuyambira pakiliniki, kutenga kalata yotumizira ku chipatala chachikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete, kujambulitsa phewa, ndi kuonana ndi a mafizo. Ngati dokotala wa mafupa aona kuti kutsuka n'koyenera, iyeyo ndiye anene kopita.

Chimene sichiyenera kuloledwa konse ndi singano yolasa mongopapasa. Kashiamu amakhala waung'ono, nthawi zambiri sentimita imodzi kapena ziŵiri, ali mkati mwa mtsempha wopyapyala, ndipo wobaya popanda sikani sangadziŵe ngati wafikapo kapena akungoboola mtsempha wabwino. Steroid wobayidwa mobwerezabwereza, makamaka akaloŵa mumtsempha momwemo, amaufooketsa mpaka kung'ambika, choncho jekeseni wa kuseri kwa kauntala ya shopu ya mankhwala, wobayidwa mwezi ndi mwezi chifukwa woyamba anathandiza, amabweretsa vuto loposa loyambalo. Wochita ntchitoyi ayenera kukhala wolembetsedwa ndi bungwe la Health Professions Council of Zambia ndiponso wophunzira kulondolera singano pa sikani. Amene watemera mphini paphewa posachedwa adikire kuti zilonda zipole kaye, chifukwa singano yodutsa pakhungu la zilonda imatengera tizilombo mkati. Ndipo ngati papita miyezi ingapo chijambulireni, ndi bwino kujambulanso tsiku lotsuka lisanafike, popeza si zachilendo kupeza kuti kashiamu amene amati akatsukidwe wasungunuka kale, ndipo chimene chatsala ndi phewa louma lofuna mafizo.